Kompyuta ikumafiliza gemu ili mkati: yezani kaye musanagule purosesa ina

Wowerenga wina wa pa boma pa Mangochi watilembera motere:

"Zikomo akatswiri. Ndili ndi kashopu ka magemu, kachipinda kamodzi ka malata kopanda siling'i. Muli ma PlayStation awiri ndi kompyuta imodzi yomwe ndinagula ku Blantyre, ya zija zogwira kale ntchito m'maofesi. Ili ndi Core i5-4590 ndi RAM ya 8GB, ndipo ndinaikamo GTX 1650 kuti anyamata azisewera GTA V ndi mpira. Mu Juni ndi Julaye inkayenda bwinobwino. Chiyambireni Okutobala, ikangoseweredwa mphindi 20 kapena 30 fani imayamba kulira ngati chigayo, gemu n'kumadukizadukiza, kenako chithunzi chimangouma gwa. Masiku ena imazima yokha. Mnzanga wina akuti purosesa yapsa ndigule ina, wina akuti ndi vayirasi. Makasitomala ayamba kundithawa. Nditani?"

Achimwene, mtima m'malo. Purosesa yanuyo, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, sinapse, ndipo ndalama imene mukufuna kugulira ina isungeni kaye. Purosesa yakufa siyendetsa GTA V kwa mphindi 20. Mukadina batani fani imangozungulira, sikirini ili bii. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikumasula makompyuta, mapurosesa amene ndinawapeza atafadi ndi kutentha sakwana asanu, chifukwa kachipangizoka kamadzilondera kokha. Purosesa yanu ya Core i5-4590, yomwe kampani ya Intel inatulutsa mu 2014, ili ndi tizida toyeza kutentha m'kati mwake momwe. Ikafika pa madigiri 100 imadzichepetsera liwiro kuti ipumeko, ndipo kutenthako kukapitirirabe imadula moto wonse. Kudukizadukiza mukukuonako, ngakhalenso kuzima kwadzidzidziko, kawirikawiri imakhala purosesa ikudzipulumutsa.

Za vayirasi ndikukayikira, poti vayirasi siidziwa kuti kunja kwafika Okutobala. Komabe pali mtundu umodzi woyenera kuufufuza, makamaka ngati magemu anu ndi aja okopera pa fulashi ya mnzanu. Ena mwa iwo amabwera ndi kapulogalamu kobisala kamene kamagwiritsa ntchito kompyuta yanu kukumbira munthu wina ndalama za pa intaneti. Yatsani kompyuta, musatsegule chilichonse, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager ituluke, ndipo onani ngati purosesa kapena khadi la zithunzi (GTX 1650 yanu ija) zili kalikiliki pomwe inu mwangopinda manja. Zikakhala phee, mwina si vayirasi, ngakhale kuti tina mwa timapulogalamuti timabisala Task Manager ikatsegulidwa.

Chimene chandikopa m'kalata yanu ndi miyezi mwatchulayo. Ambiri amaganiza kuti fani imapanga mphepo yozizira. Ayi, imangotenga mpweya wa m'chipindamo n'kuukankhira pa chitsulo chotentha. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, ntchito yake imachepa. Tiyerekeze kuti mu Juni, mwera ukuomba, m'shopu mwanu munali madigiri 22 ndipo purosesa inkafika pa 82 gemu ili mkati. Pamenepo simukanaona vuto lililonse. Lero masana, pansi pa malata opanda siling'i, muli anyamata asanu ndi atatu ndi ma TV awiri oyaka, m'chipindamo mutha kufika madigiri 38. Madigiri 16 owonjezerawo amakakwera pafupifupi onse pa purosesa, 82 uja n'kukhala 98. Kompyuta yomweyo mutaikweza galimoto n'kupita nayo ku Namwera kumapiri, mwina ikanangoyenda osadandaula. Matendawo analipo kale mu Juni. Dzuwa la kuno kuchigwa langowaulula.

Ndiye poyambira ndi kuyeza. Kugwira bokosi ndi dzanja n'kunena kuti "yatentha" si kuyeza, chifukwa bokosi lotentha nthawi zina limasonyeza kuti kutentha kukutuluka bwino. Koperani HWMonitor kapena HWiNFO, mapulogalamu oonetsa kutentha kwa m'kati mwa kompyuta. Onse ndi aulere ndipo sadya bandulo yambiri. Task Manager musaidalire pa ichi: imaonetsa kutentha kwa khadi la zithunzi lokha, kwa purosesa siionetsa. Mu HWMonitor muona mizere itatu, Value, Min ndi Max, ndipo ife tikufuna Max. Tsegulani pulogalamuyo, yambitsani gemu, ndipo pakapita mphindi zisanu zilizonse dinani Alt ndi Tab n'kujambula manambalawo ndi foni. Ndikuti mujambule chifukwa kompyuta ikafiliza, chithunzi n'kuuma gwa, manambala onse amapita nayo limodzi. HWiNFO yokha imatha kumalemba manambalawo m'fayilo pamene mukusewera, ngati muli ndi mtima wofatsa woiphunzira.

Kwa nyengo yathu ino, purosesa yongokhala osagwira ntchito ikakhala pa madigiri 40 mpaka 50, ine sindidandaula. Pa gemu, 70 mpaka 85 ndi bwinobwino. Ikamadutsa 90 pali chofunika kukonza, ndipo ikamagunda 99 kapena 100 n'kumakhala pomwepo, ndiye kuti ikudzibweza yokha, kudukiza kuja n'kumeneko. Khadi la zithunzi likamapitirira 85 liyang'aneninso. Kwa ena amene akuwerenga ali ndi makina atsopano, manambalawa amasiyanako: Ryzen 7000 ya AMD inapangidwa kuti izifika pa 95 ikamagwira ntchito yolemetsa, choncho musathamange nayo kwa okonza pa chifukwa chokhacho.

Pali kuyesa kwina kosalira tambala. Chotsani chitseko cha m'mbali mwa bokosi, lozetsani fani ya m'nyumba m'katimo, seweraninso gemu yomweyo. Kapena isewereni 6 koloko m'mawa, mudzaisewerenso 2 koloko masana. Vuto likatha, kapena likachedwa kwambiri kubwera, mwagwira wakuba: ndi kutentha. Likabwera pa nthawi yomweyomweyo ngakhale purosesa ili pa 70, tiyang'ana kwina, ndipo ndifikako.

Tinene kuti ndi kutentha. Chaka chatha anandibweretsera kompyuta kuchokera cha ku Makawa, kunja kwake yonyezimira, mwiniwake ankaipukuta tsiku ndi tsiku. Chikomekome cha mkuyu. Nditamasula fani ya pa purosesa ndinapeza fumbi litalukana ndi ulusi ndi tsitsi pakati pa fani ndi heatsink, chitsulo chamizeremizere chija. Ndinalikoka ndi zala ndipo linachoka lathunthu ngati chigamba cha bulangete, mpaka kuoneka zidindo za mizere ya chitsulocho. Fani inkazungulira ndi mphamvu zake zonse koma mpweya sunkadutsa ngakhale pang'ono. Pakona panali mazira a mphemvu, ndipo poyang'ana pa tizibowo ta power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, ndinaona nalimata atauma ngati usipa wa pa thandala. Kulira ngati chigayo mukunenako ine ndimakumva motero: fani ikukuwa chifukwa ikuuzira pakhoma.

Kuyeretsa mutha kuchita nokha. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze chilichonse m'kati. Tulukani nayo panja pamthunzi. Bwerekani pampu ya njinga kwa anzathu a kabaza, mupezenso bulashi ya penti yatsopano, youma. Popopa, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, chifukwa ikamazungulitsidwa ndi mphepo mopitirira muyezo imawonongeka pa mtima pake. Chitani chimodzimodzi pa fani ya khadi la zithunzi. Musauzire ndi pakamwa, malovu amapita nawo. Kompuresa ya opopa matayala ndimailetsanso, popeza m'thanki mwake mumakhala madzi ndipo imawalavulira pa motherboard, bolodi lalikulu lija pomwe zipangizo zonse zimalumikizika. Power supply ipopereni kunja kokha, pa tizibowo. Musaimasule. M'kati mwake mumatsala moto wotha kukugwetsani ngakhale pulagi ili m'manja mwanu.

Pakati pa purosesa ndi heatsink pamakhala kaphala kotuwa kotchedwa thermal paste. Zitsulo ziwirizo zimaoneka zosalala, koma zili ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo phalalo limadzaza timaenjeto kuti kutentha kuwoloke. Makina a m'maofesi ngati anuwo ambiri sanasinthidwepo phala chichokereni ku fakitale, ndiye werengani zaka kuchokera 2014. Mukatsegula mulipeza litauma n'kung'ambika ngati dothi la m'dambo m'chilimwe. Gulani kachubu ka dzina lodziwika, monga Arctic MX-4, kamodzi kamakwana makompyuta angapo. Yatsani kompyuta kwa mphindi zochepa kuti phala lakale lifewe, zimitsani, zulani pulagi, masulani zomangira zinayi pang'onopang'ono modumphitsa ngodya, kenako potozani heatsink pang'ono musanaikoke. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu kosathothoka konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Sipiriti wofiirira uja amasiya zotsalira, ndiye ngati ndi yekhayo amene mwapeza, pukutaninso ndi kansalu kouma mpaka chitsulo chiwale. Dontho limodzi pakati, kukula kwake ngati njere ya nandolo, basi. Mukamanga limadzifalikira lokha.

Apa ndikuchenjezeni zinthu ziwiri zimene zandiwonongera makina a anthu ambiri. Choyamba, purosesayo isiyeni m'malo mwake, palibe chifukwa choitulutsira. Pansi pake, pa motherboard, pali timano 1,150 topyapyala ngati tsitsi, ndipo kamodzi kokha kakapindika mutha kutaya motherboard yonse. Chinacho ndi nzeru ya pa msika yoti mankhwala otsukira mano amagwira ntchito ngati thermal paste. Tsiku loyamba manambala amatsikadi, munthu n'kuyamba kudzitama. Pakapita masiku ochepa madzi ake amauma, n'kutsala choko. Girizi wa njinga ndi chimodzimodzi. Pomanga onetsetsani kuti ngodya zonse zinayi zagwira, poti heatsink yopendekeka ngakhale pang'ono imaposa fumbi kuipa, ndipo musaiwale kubwezera kawaya ka fani pamalo pake. Ineyo ndinakaiwalapo kamodzi, kasitomala ali chiimire pambali panga.

Mukatero ganizirani pomwe bokosilo limakhala. M'mashopu ambiri ndimalipeza pansi pa simenti, pomwe mapazi a osewera amautsa fumbi, kumbuyo kwake litakanikizidwa kukhoma, pamwamba atafunditsa kansalu kokongoletsa. Likwezeni patebulo, siyani mpata wokwana chikhatho chotambasula kumbuyo kwake, ndipo lichotseni m'kabati ngati munalitsekera poopa akuba. Bango kuno sitisowa. Mphasa zingapo zomangidwa pansi pa malata ngati siling'i zimachepetsa ng'anjo imene imatsika kudenga, ndipo osewera anunso adzakuthokozani. Zoika madzi oundana kapena nsalu yonyowa pa bokosi musayese, chinyontho chimakadontha m'kati.

Pamene mukudikira kupeza phala, mutha kuipeputsira katundu. M'gemu yatsani V-Sync kuti zithunzi zisapitirire 60 pa sekondi. Sikirini wamba siionetsa zoposa pamenepo, zotsalazo zimangosanduka kutentha. Mu Windows pitani ku Power Options, mupeze Maximum processor state, muchotse 100 muike 99. Zikuoneka zachibwana, koma kusintha kumeneku kumaletsa purosesa kudumphira pa liwiro lake lapamwamba la 3.7GHz, ndipo madigiri amatsika mooneka pomwe gemu siisintha kwenikweni.

Tsopano ndibwere pa chimene chikundikayikitsa. Mwatchula kudukiza, kuzima, komanso chithunzi kuuma gwa. Kutentha kwa purosesa kumafotokoza bwino ziwiri zoyambazo. Chachitatucho, chithunzi chitaima ndipo sipika ikungolira trrrr pa liwu limodzi, nthawi zambiri gwero lake limakhala lina: magetsi osakwanira, RAM (pomwe kompyuta imasunga kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito), kapena ma driver, omwe ndi mapulogalamu oyendetsa khadi la zithunzi. N'kutheka ndithu kuti kompyuta yanu ikudwala matenda awiri nthawi imodzi. Ikadzaumanso, musathamangire batani lozimitsira. Dinani Caps Lock muone ngati kanyali kake kakuyaka ndi kuzima. Kakamayankha, Windows ikadali moyo, ndipo yesani kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, zomwe zimadzutsanso driver wa zithunzi. Sikirini ikaphethira n'kubwerera, wolakwa ndi khadi kapena driver wake. Kanyaliko kakapanda kuyankha, makina onse aima.

Amene ndikumuloza chala kwambiri pa makina anuwo ndi power supply. Makompyuta a m'maofesi anapangidwira kulemba makalata, ndipo ambiri amabwera ndi power supply ya ma watt 240 kapena 290, ena kucheperapo. Purosesa yanu payokha ndi ya ma watt 84, GTX 1650 ndi ya 75, ndipo NVIDIA imalangiza power supply ya ma watt 300 pa khadi limeneli. Pamapepala zimaoneka ngati zikukwana, ndipo ili yatsopano mwina zikanakwanadi. Koma power supply imafooka ndi ukalamba, ndipo ikatentha imapereka mphamvu yocheperapo. N'chifukwa chake nayonso imatha kupirira mu Juni n'kugonja mu Okutobala, munthu n'kumanamizira purosesa. Werengani chipepala chomatidwa pambali pake. Musanagule ina dziwani kuti makina ambiri a m'maofesi ali ndi mapulagi akeake olowera pa motherboard, moti power supply wamba siilowa. Pitani nalo bokosi lonse kogulako.

Yang'ananinso kukhoma. Magetsi athu ndi a ma volt 230, koma ngati kompyuta, ma PlayStation awiri, ma TV ndi firiji ya mafirizesi zonse zadalira ekisitenshoni imodzi yotchipa, firijiyo ikamadzuka moto umagwa kwa kamphindi ndipo kompyuta imamva. Ipatseni soketi yakeyake. Ngati mumayendera jenereta kapena invata magetsi akathima, onani ngati vutoli limachuluka nthawi imeneyo. UPS, kabokosi ka batire kosunga moto, yokhala ndi AVR yowongolera mphamvu ya magetsi, imathandiza kwambiri pamenepa. Wina akadzakutsegulirani Event Viewer n'kukuonetsani Kernel-Power 41 ngati umboni woti power supply yafa, musavomere msanga. Uthengawo umangonena kuti kompyuta inazima mosayenera, sunena chifukwa chake, ndipo umalembedwa ngakhale pamene inuyo mwaizimitsa ndi batani itafiliza.

RAM ndi yosavuta kuyesa. Izuleni, pukutani timano take tagolide ndi labala wa pensulo, chotsani zinyenyeswazo ndi bulashi, ibwezereni mpaka ilire kuti tha mbali zonse. Kuno kunyanja chinyontho ndi fumbi zimachititsa timanoti kuda msanga. Kenako lembani mdsched pa Start kuti Windows iyese RAM yokha, kapena ikani MemTest86 pa fulashi muisiye ikuyenda usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi chikapezeka, RAM imeneyo ndi yosintha. Ngati zilimo ziwiri, seweretsani imodziimodzi muone yomwe ikubweretsa vuto. Ndipo 8GB ya GTA V ndi yongokwanira ndendende, choncho Chrome ndi zina zonse zitsekeni gemu isanayambe. Gemu ikamaima masekondi awiri kapena atatu n'kupitiriza yokha, kanyali ka hard disk kali chiyakire, tsegulani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza umoyo wa hard disk. Ikalemba Caution mwachikasu, samutsani zofunika zanu lero lomwe, muyambe kusungira ndalama ya SSD, chosungira mafayilo chachangu cholowa m'malo mwa hard disk.

Za ma driver ndinena mwachidule. Chotsani akale onse ndi pulogalamu yochotsera ma driver ya DDU muli mu Safe Mode (pamene Windows yayaka ndi zofunikira zokhazokha), muike atsopano ochokera kwa NVIDIA eni ake, osati a pa fulashi ya munthu. Fayiloyo ndi ya ma MB mazana angapo, ndiye konzekerani bandulo. Koma mukamaona timabokosi tamitundumitundu kapena mizere yachilendo pa sikirini isanaume, driver sangathandize, khadilo likudwala lokha.

Pali pomwe muyenera kuima n'kupita nayo kwa wodziwa. Mukamva fungo la pulasitiki wopsa kapena kuthetheka, zulani pulagi nthawi yomweyo, musaiyatsenso kuti "tione". Chimodzimodzi mukaona timigolo tating'ono ta pa motherboard titatupa pamwamba kapena tikutuluka zofiirira, fani ikamakhuta kapena kukana kuzungulira, kapena purosesa ikamafikabe pa 95 mutayeretsa ndi kusintha phala. Ngatinso manja anu akunjenjemera poganiza zomasula heatsink, palibe chamanyazi, ntchitoyo wokonza amaimaliza mu theka la ola. Kumeneko kapempheni zinthu ziwiri: akuonetseni manambala a kutentha asanakonze ndi atakonza, komanso ayese makina anuwo ndi power supply ina yabwino musanalipire yatsopano. Amene angoiyang'ana kunja n'kunena kuti "tiifomate", nyamulani katundu wanu. Kufomata sikuchotsa fumbi, ndipo mudzangotaya magemu onse amene munavutika kuikamo.

Mukayeza mundilemberenso, munditumizire Max ya purosesa, Max ya khadi la zithunzi, ma watt olembedwa pa power supply, ndi zomwe kanyali ka Caps Lock kanachita pamene chithunzi chinauma. Munenenso ngati firiji ili pa ekisitenshoni yomweyo.